Makina ndi Mathithi a Kapichira

Dzina la Maseya lidafika m'chigwa chino pa nyengo ya sitima zoyamba. Maseyayo adali mmodzi mwa Amakololo amene adatsagana ndi David Livingstone, natsalira kuno mpaka kusanduka mafumu. Nchifukwa chake mbiri ya sitimazo ndi yathunso.

Mulungu adaika mwa munthu mtima wosakhutira ndi chimene manja ake apanga dzulo. Livingstone ankakhulupirira kuti sitima yabwino idzatsekula njira ya malonda oyenera, ukapolo nkutha. Yoyamba, Ma Robert, idapangidwa ndi chitsulo cha mtundu watsopano, koma idachita dzimbiri msanga, ndipo inkadya nkhuni ngati ng'anjo. Mu Januwale 1859 idakwera Shire nkukaima pa mathithi a Kapichira. M'chaka cha 1860 idamira mu Zambezi.

Munthuyo sadagwe mphwayi. Adatulutsa mapaundi 6,000 a m'thumba mwake kuti ampangire Lady Nyassa, sitima yotheka kuimasula zidutswazidutswa. Nzeru idalipo ndithu. Komatu pofika 1863 chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo zidali zitapulula chigwa chonse; mitembo inkayandama mu Shire. Akadanyamula zitsulozo ndani? Boma la Britain lidamuitanitsa, ndipo Lady Nyassa idakathera ku Bombay osalawako madzi a nyanja imene idatchulidwa dzina lake.

Mu 1875 a mishoni ya Livingstonia adafika ndi Ilala. Nayonso siidathe kukwera mathithi. Mafumu a Amakololo adamema anthu mazanamazana, amene adasenza zidutswa zake pamutu, dzuŵa lili phwee, m'miyala ndi m'zitunda, mpaka kuseri kwa mathithi onse. Pa 12 Okotobala idaloŵa m'nyanja. Timamva maina a E. D. Young ndi Robert Laws. A onyamulawo, amene ena mwa ife ndife zidzukulu zawo, sitiwamva.

Mathithi omwewo adamangidwa goli m'chaka cha 2000, pamene makina a magetsi adayamba kuzungulira pa Kapichira. Tidayesa kuti mtsinje wagonja. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damulo, dziko nkukhala mumdima wa kaŵirikaŵiri kwa chaka ndi miyezi, ndipo madzi a namondweyo adakokolola minda ndi nyumba za ku Chikwawa. Amisiri adabwereranso ndi miyala ndi simenti, ndipo mu 2023 makinawo adayambanso kulira.