Makoleji a ntchito za manja a m'madera

Makoleji a ntchito za manja a m'madera ndi masukulu a boma amene amaphunzitsa achinyamata ukalipentala, zomangamanga, zowotcherera zitsulo, utelala ndi zamagetsi kufupi ndi kwawo, ndipo ndondomeko yake inakhazikitsidwa m'chaka cha 2015 ndi Pulezidenti Peter Mutharika pa koleji ya Ngara ku Karonga. Maphunzirowa amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 ndipo limalandira msonkho wa kwacha imodzi pa makwacha 100 alionse amene olemba anthu ntchito amalipira antchito awo.

Kugwirizanitsa maphunziro a m'makolejiwa ndi zosowa za dera kumatanthauza kuti luso lophunzitsidwa likhale limene anthu a komweko angaligule, chinthu chomwe chimavuta kumidzi kumene mafakitale kulibe. Dera la Biriwiri ku Ntcheu, lomwe lili m'malire ndi Mozambique m'mbali mwa msewu wa M1, ndi chitsanzo chabwino, pakuti chuma chake chagona pa ulimi wa mbatatesi, kabichi ndi tomato, pa misika ngati wa Lizulu, komanso pa galimoto ndi njinga zamoto za kabaza zonyamula katunduyo. Kumeneko wokonza njinga zamoto, wowotcherera ngolo kapena woika magetsi a dzuwa sasowa makasitomala, pamene wophunzira luso la m'fakitale amakakamizika kulowera ku Blantyre, Lilongwe, ngakhale ku Johannesburg. Chovuta china n'chakuti ophunzira amafunika kukayeserera ntchito kwa amisiri, koma ambiri mwa amisiriwo amagwirira pakhonde, opanda zipangizo zokwanira.