Cinyanja ca Lusaka ndi Nyimbo za Rapu: Mbiri Yake Poionera ku Bundabunda

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa dziko la Asoli, ndipo dzina lake linacokera kwa nyakwawa Lusaaka. Komabe cinenero cimene mzindawu umadziwika naco ndi Cinyanja. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti nyimbo za rapu ndi gawo latsopano la mbiri yakale imeneyi, ndipo tiionera ku Bundabunda, dera la Asoli kum'mawa kwa Chongwe.

Likulu litasamutsidwa kucoka ku Livingstone mu 1935, apolisi, asilikali ndi anchito ocokera kum'mawa ndi ku Nyasaland anacititsa Cinyanja kukhala cinenero ca m'komboni. Oimba anacilimbikitsa: Alick Nkhata anamveka pa wailesi ya Central African Broadcasting Station m'ma 1950, ndipo Paul Ngozi anaimba za umoyo wa m'tauni m'ma 1970. Kutsegulidwa kwa Radio Phoenix mu 1996, ndi kubadwa kwa kampani ya Mondo Music cakumapeto kwa zaka zomwezo, kunapatsa mpata Daddy Zemus ndi Black Muntu. Pambuyo pake Slap Dee anakhala liu la Lusaka, pamene Macky 2 ndi Chef 187 anaimirira Cibemba ca ku Kopala. Motero mpikisano wa mizinda unasanduka mpikisano wa zinenero.

Cinyanja ca m'nyimbozi cimasiyana ndi ca m'buku. Woimba amati "nifuna" m'malo mwa "ndifuna", "manje" m'malo mwa "tsopano", ndiponso "bantu" m'malo mwa "anthu". Mphatikiram'mbuyo "ni-" timampeza m'Cinsenga, pamene "ba-" ali m'Cibemba, m'Cilenje ndi m'Cisoli momwe.

Apa ndi pamene Bundabunda atiphunzitsa kanthu. Mwana wa kumeneko amamva Cisoli kwa agogo, Cinyanja ca m'tauni pa foni ndi m'minibasi, ndi Cinyanja ca m'buku m'kalasi, popeza Cisoli sicili pakati pa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha. Kwa iye "bantu" wa woimba ali pafupi ndi kwao kuposa "anthu" wa mphunzitsi.

Tiona tsono kuti mphunzitsi amene angocha cinenero ca rapu kuti ncolakwika ataya mlatho umene ukadamuthandiza kuphunzitsa kalembedwe kovomerezeka mwa kuyerekeza. Koma tisaiwale mbali inayo: mzinda umene nyimbozi zimautama sumveka m'cinenero ca eni nthaka. Nchito yolemba ndi kusunga Cisoli ikali kuyembekeza ife a zinenero.