Kuŵerenga Modumpha m'Dziko la Chipata: Zala, Matiki ndi Mangwee

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani yathu ya lero ndi ya kuŵerenga modumpha, ndiko kuŵerenga zinthu ziŵiriziŵiri, zisanuzisanu kapena khumikhumi m'malo moŵerenga cimodzicimodzi. Ambiri ayesa kuti luso limeneli linadza ndi mabuku a masamu. Koma mbiri ya dziko la Chipata ionetsa kuti linalipo sukulu zisanamangidwe, ndiponso kuti kwa zaka pafupifupi 70 ana anakakamizidwa kudumpha mwa njira yosiyana ndi ya cinenero cao.

Tiyambe ndi cineneroco. M'Cinyanja timati cimodzi, ziŵiri, zitatu, zinai, zisanu. Pamenepo mau atsopano atha, ndipo tipitiriza kuti zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziŵiri, kufikira pa khumi. Zala za dzanja limodzi zatha, zayamba za dzanja lina. Tikapyola khumi timati makumi aŵiri, makumi atatu, mpaka zana. Munthu wonena kuti mbuzi zace ndi makumi atatu wadumpha katatu, 10, 20, 30, ngakhale sanaonepo khomo la sukulu. Maseŵera nawo anali kuphunzitsa zomwezo. Okonza nsolo kaŵirikaŵiri amaika miyala iŵiri m'dzenje lililonse, kotero kuti pa mzere wa maenje 8 amaŵerenga 2, 4, 6, mpaka 16. Atsikana oseŵera ciyato amayamba kutola miyala umodziumodzi, kenaka iŵiriiŵiri, kenaka itatuitatu, mwala wina uli m'mwamba.

Zinthu zinasintha msanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni nalanda ng'ombe zao zikwi zambiri. Mu 1899 kunamangidwa boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. M'caka comweco ca 1899 amishoni a Dutch Reformed Church, J.M. Hofmeyr ndi P.J. Smit, anakhazikika pa Magwero, ndipo mu 1903 anatsegula Madzimoyo. Sukulu za m'midzi zinayamba kuphunzitsa kuŵerenga, kulemba ndi masamu pa masileti. Msonkho wa nyumba utayamba, amuna anamka kukagwira nchito m'minda ya fodya ya Azungu ndi ku Southern Rhodesia, ndipo ndalama inaloŵa m'mudzi uliwonse.

Ndalama imeneyo siinali kuyenda mwa makumi. Mapeni 12 anali kupanga sheleni imodzi, masheleni 20 anali kupanga paundi, kotero kuti m'paundi munali mapeni 240. Panalinso tiki, wa mapeni 3, ndi sikisipensi, wa mapeni 6. Taganizani mwana wotumidwa kukagulitsa mazira 7 pa mtengo wa tiki dzira limodzi. Anayenera kuŵerenga 3, 6, 9, 12, kuima pamenepo ndi kusunga m'mutu sheleni imodzi, kenaka kuyambanso 3, 6, 9, kuti adziŵe kuti ayenera kubwera ndi sheleni ndi mapeni 9. Akalakwa panjira, wogula wocenjera anali kumdyera. Ndico cifukwa cace matebulo a kuculukitsa anali kulekezera pa 12, ndipo ana anali kuimba 12, 24, 36, 48, 60 kuti aloŵeze mapeni a m'masheleni asanu. Zala za mwana ndi mau a amai ace zinali kuyenda mwa zisanu ndi makumi, pamene ndalama ya m'dzanja lace inali kuyenda mwa 3, 6 ndi 12.

Komabe tisainyoze 12. Imagaŵika bwino pakati pa anthu 2, 3, 4 kapena 6, pamene 10 imagaŵika pa 2 ndi 5 pokha. Anthu atatu anali kugaŵana sheleni popanda mkangano, aliyense mapeni 4. Okalamba ambiri amene anaphunzira m'masiku amenewo ali ndi liŵiro la masamu a m'mutu limene adzukulu ao alisirira.

Pa 16 January 1968 dziko la Zambia linasiya paundi niliyamba kwacha ndi ngwee. Mangwee 100 anapanga kwacha imodzi, ndipo makwacha aŵiri analingana ndi paundi yakale. Sikisipensi anasanduka 5 ngwee, sheleni inasanduka 10 ngwee, masheleni aŵiri 20 ngwee. Panalinso tindalama ta 1 ngwee ndi 2 ngwee. Tsopano mwana anatha kuyala tindalama pa tebulo naŵerenga 5, 10, 15, 20, monga momwe zala zace zinenera. Anthu a ku malire a Mwami anakhala zaka zitatu ali ndi masamu aŵiri m'mutu, pakuti ku Malaŵi masheleni anapitirira kufikira 1971, pamene kunadza kwacha ndi tambala.

Codabwitsa ndi cakuti pamene ndalama inali kubwerera ku makumi, mau a makumiwo anali kucoka m'kalasi. Kuyambira 1966 Cingelezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Pa msika wa Kapata mudzamva faifi, teni, twente; amene anena makumi aŵiri ndi oŵerengeka. Kutero sikulakwa, koma pali cimene citayika. Mau akuti twente sauza mwana kanthu za mkati mwa nambalayo, pamene makumi aŵiri amuuza poyera kuti pali milu iŵiri ya khumi. Mphunzitsi wa nzeru adzapatsa ana maina onse aŵiri.

Pambuyo pace mitengo ya zinthu inakwera kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1990 mangwee anasoŵa nchito. Unakula mbadwo wa ana oŵerenga 500, 1,000, 1,500 asanaonepo ngwee. Pa 1 January 2013 Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa kwacha nibwezera tindalama ta 5, 10 ndi 50 ngwee pamodzi ndi ka K1. Mu 2025 kunaonjezedwa ta K2 ndi K5.

Inu aphunzitsi, cenjerani ndi nyimbo yopanda zinthu m'manja. Kalasi ingathe kufuula 5, 10, 15 mokoma, koma ana ambiri osadziŵa cimene adumpha. Apatseni miyala, nthanga za maungu kapena zitsekero za mabotolo, aziunjike milu ya zisanu monga amai aunjikira matimati pa msika, ndipo aliyense akhudze mulu pochula nambala. Akazoloŵera, aŵerenge cobwerera m'mbuyo, 30, 25, 20. Kenaka muimitse mwana pa 35 ndi kumfunsa kuti wakhudza milu ingati. Akayankha kuti 7, muuzeni alembe pa bolodi 7 x 5 = 35, ndipo pansi pace alembe 35 ÷ 5 = 7.