Makina amene amaphunzira pa masamba a chimanga

Mwana wa ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pakhomo amalankhula Chichewa, koma mabuku ambiri akusukulu ali m'Chipwitikizi, ngakhale kuti Mozambique inayamba mu 2003 kuphunzitsa ana ena m'zinenero zawo. Ndiye mawu oti inteligência artificial akamalowa m'kalasi amalowa atavala jekete, ana n'kungoti kukamwa yasa. Dzinali m'Chingerezi analipeka ndi John McCarthy wa ku America pokonzekera msonkhano wa ku Dartmouth wa 1956. Ife tingati nzeru zopangidwa, koma dzina lingadikire. Mwana ayambe wagwira chinthu m'manja.

Aphunzitsi auze ana kuti abwere ndi masamba a chimanga, ena abwinobwino, ena obooledwa ndi ntchemberezandonda, mbozi zija zinatifika cha m'2017. Masambawo ndiwo deta. Ana akawaunjika milu iwiri n'kulemba pansi ndi kamtengo kuti apa “abwino”, apa “odyedwa”, ndiye kuti aika zizindikiro. Tsono asankhe mnzawo mmodzi akhale makina. Ameneyu saloledwa kufunsa, ndipo palibe womuuza kuti mbozi n'chiyani. Angoyang'anitsitsa milu ija, aone yekha mabowo ndi ndowe zonga utuchi zimene mbozi imasiya. Kumeneko ndiko kuphunzitsa makina. Akapatsidwa tsamba latsopano n'kunena mulu wake, walosera.

Si masewera chabe ayi. Pulogalamu ya pafoni yotchedwa Nuru, ya gulu la PlantVillage ku yunivesite ya Penn State, imazindikira matenda a chinangwa ndi kudya kwa mbozi m'chimanga mwa njira yomweyi, itaonetsedwa zithunzi zambirimbiri zimene akatswiri anaikapo zizindikiro.

Phunziro lenileni limabwera aphunzitsi akatulutsa tsamba lodyedwa ndi chiwala, kapena lachikasu chifukwa chosowa feteleza. Mwana wathu uja adzaliponya pa mulu wa mbozi, osanjenjemera n'komwe, poti milu ilipo iwiri yokha ndipo zoterezi sanazionepo. Anzake adzaseka. Asekedi, koma aphunzitsi awafunse kuti wolakwa ndani, iye kapena amene anatola masamba. Kulakwitsa kotereku akatswiri amati kukondera, ndipo kumachokera ku zimene makina sanaonetsedwe. Ine ndimaona kuti mawu amenewa ndi ofunika kuposa ena onsewo, chifukwa mwana akamva zoti “nzeru” amaganiza za agogo ake, amene sayankha chinthu asanachidziwe.

Kukonderaku kumaonekanso pa zinenero. Chichewa chinalowa mu pulogalamu yomasulira ya Google Translate mu 2014, ndipo pulogalamu yoyankha mafunso ya ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022. Zonsezi zinaphunzira pa zolembedwa, ndipo zolembedwa zathu pa intaneti n'zochepa. Chichewa cha ku Tete, chosakanikirana ndi Chipwitikizi cha pamsika, ndiye n'chochepa kwambiri. Ngati foni ya aphunzitsi yagwira netiweki tsiku limenelo, ana alembemo mmene amalankhulira kwawo, awerenge zimene yamasulira, ndipo aikonzere pa bolodi ndi choko.