Uthenga Unayenda Wapansi

1. Ntchito ya otumidwa

Mpingo uli ndi ntchito imene unachita kupatsidwa. Kumapeto kwa buku la Mateyu timawerenga kuti Yesu atauka kwa akufa anatuma ophunzira ake kwa anthu a mitundu yonse. Anawauza kuti akaphunzitse ndi kubatiza. Kuyambira pamenepo Akhristu akhala ali pa ulendo.

Ku Egypt ndi ku Ethiopia Uthenga Wabwino unafika kalekale. Koma kwathu kuno, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mipingo imene tikuiona lero inayamba m'zaka za m'ma 1800. Kabuku kano kakusimba mmene zinayendera. Tikumbukira alendo amene anabwera pa sitima. Tikumbukiranso makolo athu amene analandira uthengawo, nauyendetsa wapansi mudzi ndi mudzi.

2. Mulungu ankadziwika kale

Amishoni asanabwere, makolo athu ankadziwa kuti kuli Mwini zonse. Ankamutchula kuti Chauta, Namalenga, Chisumphi, Mphambe kapena Mulungu. Mvula ikavuta ankapita kukachisi kukathira nsembe. Ku Msinja kunali Makewana. Ku Khulubvi, ku Nsanje, kunali kachisi wa Mbona.

Koma masiku amenewo analinso a mantha. Malonda a akapolo anali atakula. Anthu ankagwidwa m'minda ndi m'midzi, n'kumangidwa magoli m'khosi. Ku Nkhotakota, Jumbe ankawaolotsa nyanja pa zombo, ndipo kutsidyako ankayenda nawo mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Ambiri ankafera m'njira. Mayi ankagona osadziwa ngati mawa adzaonanso mwana wake.

3. Magomero

David Livingstone, wa ku Scotland, anafika pa nyanja yathu mu 1859. Anaona magoli aja ndi maso ake. Iye anali atapempha kale Akhristu a ku Britain kuti atumize amishoni ku Africa.

Oyamba kuyankha anali a mpingo wa Anglican. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie anakwera mtsinje wa Shire ndi anzake. Pa mudzi wa Mbame anakumana ndi ulendo wa akapolo, ndipo pamodzi ndi Livingstone anamasula anthu 84. Anthuwo anakakhala nawo ku Magomero. Ndiwo anali oyamba kumva mapemphero a pamishoni.

Ntchitoyo sinakhalitse. Kunali nkhondo, njala ndi malungo. Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862, ndipo patapita nthawi otsalawo anasamukira ku Zanzibar. Anadzabwereranso mu 1885, n'kukhazikika pa chilumba cha Likoma.

4. Sitima pamutu

Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Antchito ake, Susi, Chuma ndi anzawo, ananyamula mtembo wake miyezi yambiri mpaka kugombe. Imfa yakeyo inadzutsa mipingo ya ku Scotland.

Mu 1875 kunabwera gulu la Livingstonia. Mmodzi wa iwo anali dokotala wachinyamata, Robert Laws. Anabwera ndi sitima yotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi a Shire, sitima sikanatha kudutsa. Anaimasula zidutswazidutswa. Amuna pafupifupi 800 a m'midzi ya kumeneko anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa, kukwera zitunda dzuwa likuswa mtengo. Kumtunda kwa mathithi anailumikizanso, ndipo mu Okutobala inalowa m'nyanja.

Mayina a amuna amenewo sitimawamva potchula mbiri ya mpingo. Koma mutu umodzi susenza denga. Popanda mapewa awo, sitimayo ikanathera kumunsi kwa mathithi.

5. Manda asanu, munthu mmodzi

Amishoniwo anamanga ku Cape Maclear. Malowo anali okongola koma a malungo. Patatha zaka zisanu panali manda asanu a antchito a mishoni. Wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881.

Ena akanati ntchito yalephera. Koma chaka chomwecho, pamene amishoni ankasamukira ku Bandawe, anasiya sukulu ndi mapemphero a ku Cape Maclear m'manja mwa Namalambe. Munthu amene anali atangobatizidwa kumene anayamba kuphunzitsa anzake. Umu ndi mmene zinadzakhalira kulikonse: wolandira lero, mawa ndiye wopereka.

Mu 1894 likulu la mishoniyi linakwera ku Khondowe, kumene lero timati ku Livingstonia. Kumeneko kunatsegulidwa sukulu yaikulu ya aphunzitsi, alaliki, amisiri ndi othandiza m'chipatala.

6. William Koyi pakati pa Angoni

Si amishoni onse amene anali azungu. Mu 1876 anyamata anayi achikhosa anachoka ku sukulu ya Lovedale ku South Africa kudzathandiza kuno. Mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anamwalira msanga ku Cape Maclear. Wina, William Koyi, anakhala zaka khumi.

Nthawi imeneyo Angoni a M'mbelwa ankaopedwa kumpoto konse. Koyi ankamvana nawo chilankhulo, chifukwa makolo a Angoniwo anachokeranso ku South Africa. Anapita kwa iwo wopanda mkondo. Anakhala ku Njuyu, kudya nawo ndi kucheza nawo, kudikira kuti mafumu alole sukulu. Anadikira zaka. Chilolezo chinabwera mu 1886, iye ali chigonere, ndipo anamwalira chaka chomwecho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpingo wa ku Mzimba unamera pa kudekha kwa munthu ameneyu.

7. Blantyre

Mu 1876 mpingo wina wa ku Scotland unamanga m'dziko la mfumu Kapeni. Henry Henderson ndiye anasankha malowo, ndipo womutsogolera ndi kumumasulira mawu anali Tom Bokwito. Malowo anawatcha Blantyre, dzina la kwawo kwa Livingstone.

Chiyambi chake chinali ndi chilema. Ena mwa amishoni oyambawo anadzisandutsa oweruza, n'kumakwapula anthu. Nkhaniyi itamveka ku Scotland, anachotsedwa ntchito. Mu 1881 kunabwera David Clement Scott. Iye ankalemekeza chilankhulo cha anthu, ndipo analemba buku lalikulu la mawu a Chimang'anja. Pakati pa 1888 ndi 1891 anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pamodzi ndi amisiri akuda, amene anaumba ndi kuotcha njerwa pomwepo. Chilipo mpaka lero.

8. Mvera ndi Nkhoma

M'chigawo chapakati munafika a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa. Mu 1889 Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga ku Mvera, kwa mfumu Chiwere. Mu 1896 anatsegula Nkhoma, kwa mfumu Mazengera.

Mphamvu ya mishoniyi inali m'sukulu za m'midzi. Mnyamata akadziwa kuwerenga ankatumidwa kumudzi wina ndi bolodi, choko ndi kabuku. Nyumba ya sukulu inali ya mitengo ndi udzu. Mkati mwa sabata inali sukulu, Lamulungu inali tchalitchi. Mphunzitsi yemweyo ndiye anali mlaliki. Ankalima munda wake ngati wina aliyense, ndipo maliro akagwa anali nawo pamodzi. Ophunzira sanali ana okha. Abambo andevu ndi amayi obereka ana kumbuyo ankakhala pansi kutchula a, e, i, o, u.

9. Akatolika

Ansembe a White Fathers anayesa koyamba kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, koma anachoka pasanathe zaka ziwiri. Mu 1901 ansembe a Montfort anamanga ku Nzama, ku Ntcheu, kwa mfumu Njobvuyalema. Mu 1902 a White Fathers anabwereranso, n'kutsegula Mua, ndipo pambuyo pake anatsegulanso Likuni.

Ansembe anali ochepa, midzi inali yambiri. Amene ankafika kulikonse anali akatekisiti. Iwo ankaphunzitsa katekisimu, kutsogolera mapemphero, ndi kukonzekeretsa anthu ubatizo. Mu 1937 Cornelio Chitsulo anadzozedwa unsembe, woyamba mwa ana a dziko lino mu mpingo wa Katolika. Pambuyo pake anakhala bishopu wa ku Dedza.

10. Buku m'chilankhulo chathu

Uthenga wa m'chilankhulo cha eni ake umathera m'khutu. Wa m'chilankhulo cha amayi ako umafika kumtima. N'chifukwa chake mipingo inagwirizana zomasulira Baibulo lonse m'Chinyanja. Wotsogolera ntchitoyi anali William Hoppe Murray wa ku Mvera. Iye sakanatha yekha. Aphunzitsi akuda ankakhala naye tsiku ndi tsiku, kuyesa liwu lililonse ngati likumveka kumudzi.

Ntchitoyi inatenga zaka pafupifupi 20. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. M'nyumba zambiri ndilo linali buku loyamba kulowamo. Agogo athu ambiri anaphunzira kuwerenga kuti adzimvere okha zimene zili m'menemo. Mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi. M'menemo muli dzina lija makolo ankalidziwa kale, Chauta.

11. Zowawa za m'njira

Mbiriyi ili ndi mabala ake, ndipo sitiyenera kuwabisa. Amishoni ambiri ankanyoza magule ndi miyambo asanaimvetse. Mabanja ena anagawanika. Alaliki akuda ankagwira ntchito yaikulu pa malipiro ochepa, ndipo ankadikira zaka zambiri kuti adzozedwe ubusa.

Ku Blantyre abusa oyamba akuda, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911. Ku Livingstonia zinachitika mu 1914, ndipo mmodzi wa odzozedwawo anali Yesaya Zerenje Mwasi. Ku Nkhoma anali Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, mu 1925.

John Chilembwe anatenga njira ina. Anayamba ndi Joseph Booth, mmishoni amene anafika mu 1892. Atakaphunzira ku America, anabwerera mu 1900 n'kutsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Ankalalika kuti munthu wakuda ndi wolengedwa ndi Mulungu monga wina aliyense. Anadana ndi thangata. Mu 1915 anaukira boma la atsamunda, ndipo anaphedwa. Timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse.

12. Olandira asanduka otumiza

Mpingo utangomera kuno, unayamba kutumiza ana ake kunja. David Kaunda anachoka ku Livingstonia kupita ku Chinsali, pakati pa Abemba. Anaphunzitsa ndi kulalika ku Lubwa mpaka imfa yake. Mwana wake, Kenneth Kaunda, anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia.

Leonard Kamungu anabadwira ku Chia, kutsidya la nyanja. Anatumikira ku Nkhotakota, ndipo anadzozedwa unsembe wa Anglican mu 1909. Kenaka anapita ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, kumene anamwalira mu 1913.

Enanso anapita osatumidwa ndi bungwe lililonse. Anali amuna opita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndiponso ku migodi ya ku Joni. M'katundu wawo munali buku la nyimbo. Lamulungu ankasonkhana okha m'makomboni. Mu 1912 Vlok anawatsatira ku Salisbury kukawatumikira. Mpingo wa CCAP wa ku Harare unachokera pamenepo.

13. Lero ndi ife

Ntchito ija sinathe. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano amayendera odwala ndi ofedwa. M'milaga ndi m'miphakati anthu amasonkhana pakhonde la mnzawo. Alaliki amapalasa njinga kupita kumidzi yakutali. Ena ali m'zipatala ndi m'ndende.

Inu amene mukuwerenga kabuku kano mwakhala pamene anakhala agogo aja a m'sukulu zaudzu. Mwina munayamba mochedwa, koma taonani, mwafika kumapeto kwa mbiri yonseyi ndi maso anu. Pafupi ndi kwanu pali nkhalamba imene maso anachita mdima. Pali mnzanu amene amachita manyazi kupempha kuti amuwerengere. Mukapita kukakhala nawo pamphasa, n'kuwatsegulira buku, mwalowa m'ntchito ya Namalambe ndi Koyi.

Mafunso okambirana

1. Kodi sitima ya Ilala inadutsa bwanji mathithi a Shire?
2. N'chifukwa chiyani Angoni anamumvera William Koyi?
3. Ndani anayambitsa mpingo wa m'mudzi mwanu? Funsani akuluakulu, ndipo mulembe dzina lake m'kope mwanu.
4. Kodi sabata ino mukamuwerengera ndani?