Kujambula nyenyezi ndi foni: zoyenera kudziwa oyamba kumene

Ambiri munayesapo. Kumwamba kwadzaza nyenyezi, mwatulutsa foni n'kudina, koma pa chithunzi pangotuluka mdima wokhawokha. Nthawi zambiri vuto si foni. Kamera imajambula ndi kuwala. Masana imatsegula diso lake kanthawi kosakwana sekondi imodzi, koma usiku imafuna masekondi angapo kuti itolere kuwala kochepa kwa nyenyezi, ndipo nthawi yonseyo foni isagwedezeke.

Malo ndi nyengo

Pa nkhani iyi anthu a m'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ali ndi mwayi kuposa a mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, kumene magetsi a m'misewu ndi a ku migodi ya malasha amaphimba nyenyezi zambiri. Ngakhale ku Ulónguè kapena ku Furancungo, ndi bwino kuchoka pang'ono pakati pa tauni n'kufulatira magetsi.

Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Julayi, mvula itasiya. Kuyambira mu Ogasiti utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimachita chifunga kumwamba. Yang'ananinso mwezi. Umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwererenso pamene unayambira, ndipo ukakhwima kuwala kwake kumabisa nyenyezi zing'onozing'ono. Sankhani masiku a mdima, mwezi usanaoneke kapena utalowa.

Zimene mungajambule

Mlalang'amba, mzere woyera uja wodutsa kumwamba, umaoneka bwino kwambiri madzulo a Juni mpaka Ogasiti. Mu Julayi mbali yake yowala kwambiri imakhala pafupifupi pamutu cha m'ma 10 koloko usiku. Kum'mwera kuli nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, zimene pa Chipwitikizi amati Cruzeiro do Sul; zimakwera bwino madzulo kuyambira Epulo mpaka Julayi. Nsangwe, kagulu ka nyenyezi zothinana, zimatuluka kum'mawa dzuwa likangolowa mu Novembala, nthawi imene alimi akudikira mvula yodzalira. Nthanda, imene imawala mbandakucha, kwenikweni si nyenyezi koma pulaneti Venus, ndipo imajambulika ngakhale ndi foni wamba.

Kukonza foni

Choyamba pukutani galasi la kamera ndi kansalu koyera, kenaka zimitsani flash. Kuwala kwa flash kumangofika mamita ochepa. Kumawalitsa udzu ndi fumbi la pafupi basi.

Mafoni ambiri a Samsung, Tecno ndi ena ali ndi Modo Noturno kapena Night. Pamenepa foni imajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza yokha. Ngati yanu ili ndi Pro kapena Manual, mutha kusintha zinthu zitatu:

1. Nthawi yotsegula diso la kamera, yolembedwa S kapena Speed. Yambani ndi masekondi 10 kapena 15. Mukapitirira 20 kapena 25, nyenyezi zimayamba kuoneka ngati timizere, chifukwa dziko likuzungulira ndipo thambo limaoneka kusuntha madigiri 15 pa ola.

2. ISO, imene imakweza kuwala pa chithunzi. Yambani pa 1600. Chithunzi chikada, kwezani kufika 3200. Chikadzaza timadontho ngati mchenga, tsitsani kufika 800.

3. Focus. Isunthireni ku chizindikiro cha phiri kapena cha ∞, kutanthauza zinthu zakutali. Mukaisiya yokha imasokonezeka mu mdima.

Foni yopanda zonsezi siingaonetse Mlalang'amba, koma ingajambule mwezi, Nthanda ndi mitengo kukamacha kapena dzuwa litangolowa.

Kuikhazika foni

Palibe dzanja limene lingakhale chete masekondi 15. Simukufunikira kugula choimikira. Gonekani foni chafufumimba pa mtondo wovundikira, pa njerwa kapena pa thumba la chimanga, kamera italoza kumwamba. Thumba la nyemba kapena la mchenga ndi labwino chifukwa mutha kupendeketsa foni mmene mukufunira. Tcherani temporizador ya masekondi 3 kapena 10, dinani, chotsani dzanja. Kudina komweko n'kumene kumagwedeza foni.

Chithunzi chimakoma mukaikamo chinthu cha pansi: nkhokwe, mtengo, denga la nyumba kapena phiri la Dómuè patali.

Mwezi uli ndi malamulo ake. Ndi wowala kwambiri, choncho tsitsani ISO kufika 100 ndipo nthawi ikhale yaifupi, monga 1/250 ya sekondi. Mukakoka kwambiri ndi zoom, chithunzi chimangowonongeka.

Zoyenera kusamala

Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, choncho chepetsani kuwala kwa sikirini. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumatha batire msanga, ndipo mame amagwera pa galasi, muzipukuta pafupipafupi. Valani nsapato, nyamulani tochi chifukwa cha njoka, ndipo musapite nokha kutali ndi mudzi. Pewani kujambula pafupi ndi chipata cha malire monga Zóbuè kapena Calómuè, kapena malo a apolisi ndi asilikali, popanda chilolezo.

Ntchito yake kumunda

Luso lomweli limathandiza pa ulimi. Mbozi ya ntchemberezandonda, imene inafika m'Mozambique mu 2017, masana imabisala mu mtima wa chimanga ndipo imadya kwambiri madzulo ndi usiku. Kuti mlangizi aizindikire, chithunzi chiyenera kuoneka bwino. Wina aunikire ndi tochi kuchokera chammbali, inu mutsamiritse chigongono pa bondo, mudine pa sikirini pamene pali mboziyo, kenaka mujambule katatu kapena kanayi. Sankhani chimene mutu wa mbozi ukuoneka bwino, chifukwa m'pamene pali chizindikiro chonga Y yozondoka chimene alangizi amayang'ana.