Chilatini m'masukulu a m'mizinda ya kumpoto kwa England

Kwa zaka zoposa 1,000, mwana wa kumpoto kwa England wofuna kuzama m'maphunziro ankadzera pa Chilatini. Mwambowu unayambira m'tchalitchi. Sukulu ya St Peter's ku York imawerenga zaka zake kuchokera mu 627, chaka chimene bishopu Paulinus anabatiza mfumu Edwin. Ku Jarrow, pafupi ndi Newcastle, Bede, yemwe anamwalira mu 735, analemba mabuku ophunzitsira kalembedwe kolondola ka mawu ndi kapekedwe ka ndakatulo. Alcuin wa ku York anatchuka mpaka mfumu Charlemagne inamutenga cha mu 782 kuti akaphunzitse kunyumba yachifumu.

Masukulu ambiri a galamala anabadwa m'zaka za m'ma 1500, ndi chuma chimene ansembe ndi amalonda ankasiya. Bishopu Hugh Oldham anakhazikitsa Manchester Grammar School mu 1515, ya ku Leeds inayamba mu 1552, ndipo ya ku Newcastle inalandira chikalata cha mfumukazi Elizabeth I mu 1600.

Mwana ankayamba wadziwa kuwerenga Chingerezi pa kasukulu kakang'ono, pogwiritsa ntchito kathabwa komatapo zilembo ndi Pemphero la Ambuye. Akafika zaka 7 kapena 8, mnyamata ankalowa sukulu ya galamala (atsikana sankaloledwa) n'kuyamba kuloweza buku la William Lily, limene mfumu Henry VIII inalamula kuti liphunzitsidwe m'dziko lonse. Mawu atsopano ankalowezedwa m'magulu: ziwalo za thupi, ziwiya za m'nyumba, nyama, mitengo. M'makalasi apamwamba, wolankhula Chingerezi ankalawa chikoti.

Roger Ascham, mbadwa ya Yorkshire, anadana ndi nkhanzazo. M'buku lake The Scholemaster, lomwe linatuluka mu 1570, analimbikitsa kumasulira kobwereza. Mwana ankatenga kalata ya Chilatini ya Cicero n'kuimasulira m'Chingerezi. Mphunzitsi ankabisa kalatayo, ndipo pakapita ola, mwanayo ankabwezera zimene walembazo m'Chilatini, kenaka awiriwo n'kuyerekeza ndi mawu a Cicero mwini wake. Apa ndi pamene panagona phindu lenileni la maphunzirowa. M'Chilatini, mapeto a liwu ndiwo amasonyeza wochita ndi wochitiridwa, choncho wowerenga sangalumphe chilembo n'kumvabe nkhani. Komanso mawu a Chingerezi oposa theka anachokera ku Chilatini, ena kudzera m'Chifalansa, moti wodziwa tsinde limodzi ankazindikira mawu ambiri amene sanawaonepo.

Mafakitale atakula, amalonda a nsalu za ubweya ku Leeds anafuna kuti ana awo aphunzire masamu, Chifalansa ndi Chijeremani. Oyang'anira sukulu ya galamala ya ku Leeds anavomera, mphunzitsi wamkulu anakana, ndipo nkhani inakafika kukhoti. Mu 1805, woweruza Lord Eldon, amene anaphunzira pa sukulu ya galamala ya ku Newcastle, anagamula kuti chuma cha sukulu yotere ndi chophunzitsira zinenero zakale, ndipo sichingapatutsidwe kuti chimange sukulu ya zamalonda. Amalondawo ankanena zoona: mzinda wogulitsa nsalu ku Hamburg sukanakhalira Cicero yekha. Chigamulocho chinapwetekanso Chilatini chenichenicho, chifukwa chinayamba kuoneka ngati mpanda wotchinga ana a anthu wamba. Lamulo la 1840 ndilo linalola masukuluwa kuwonjezera maphunziro ena.

Chilatini chinakhalabe champhamvu kufikira 1960, pamene mayunivesite a Oxford ndi Cambridge anasiya kuchifuna kwa aliyense wolowa. Dongosolo la maphunziro la boma la 1988 silinachiike pa maphunziro okakamiza, ndipo chinatsalira makamaka m'masukulu olipira. Ku Malawi zinthu zinayenda mosiyana: Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama, inaika Chilatini ndi Chigiriki pakati penipeni pa maphunziro ake.

Kumpoto kwa England komweko kunachokeranso njira yatsopano. Mu 1973, ku Vindolanda, pafupi ndi linga la Hadrian, anthu ofukula zakale anapeza timatabwa tolembedwa ndi asilikali achiroma ndi mabanja awo. Barbara Bell anatengapo banja limodzi n'kulemba buku la ana a ku pulayimale lotchedwa Minimus, lomwe linatuluka mu 1999. Limaphunzitsa Chilatini ndi nthano ndi zithunzi, ndipo aphunzitsi amaligwiritsa ntchito kuti ana adziwe galamala ndi matsinde a mawu a Chingerezi.